Ulendo Wokakhwatcha Fomu ya Tadala

Tinanyamuka ku Chirimba hafu faifi m'mawa, ine ndi mwana wanga womaliza, Tadala. M'chikwama munali fomu yake yosankhira maphunziro a ku yunivesite, ndi makope a makalata atatu amene ndinalembera koleji ina ku Lilongwe. Funso linali limodzi: mwana wofuna kuphunzira khalidwe la nyama asankhe maphunziro ati? Palibe anayankha. Ine ndinagwira ukalaliki mpaka kupuma, ndipo kalata sinagonepo patebulo panga. Fomuyo inkafunika Lachisanu, ili linali Lachitatu.

Ndinali nditailemba kale ndekha, ndi bolopeni, mwaukhondo. Pamalo oyamba ndinaika za ziweto. Kwathu ku Chikwawa, wodziwa nyama ndi wodziwa ng'ombe.

Minibasi yopita ku Wenela inatidya K100 aliyense, titakhala anayi pampando wa atatu. M'basi yaikulu ya ku Lilongwe ndinaumirira tikiti.

"Madala, mukaipachika pakhoma?" anatero kondakitala.

"Ndikaisunga. Lembaponi tsiku looneka bwino."

Pa Zalewa tinagula chimanga chootcha pawindo. Cholimba, koma Tadala anamaliza ndi changa chomwe. Titafika pa Lizulu, mayi amene tinakhala naye anadzaza mbatata mpaka pamapazi anga, kenako anafunsa ngati mwanayu akupita ku unesi.

"Ayi amayi," anatero Tadala. "Ndikufuna kudziwa chifukwa chake mvuu imadya munda uwu n'kusiya wapafupi."

"Ndiye mvuuyo izidzakulipira pakutha pa mwezi?"

Mpando wonse unaseka. Ine sindinaseke. Bambo anga anasiya munda wa m'mbali mwa Shire chifukwa cha mvuu, ndipo palibe anafunsapo funso limenelo.

Ku Lilongwe tinakwera minibasi ina, n'kufika pakoleji thuu koloko. Kalaliki anati tibwere mawa. Ndinayala makalata atatu aja patebulo pake, iliyonse ndi risiti ya ku positi. Anadzuka yekha n'kutiperekeza kwa mphunzitsi wina, mayi wovala magambutsi amatope.

Mayiyo anamvetsera Tadala nthawi yaitali, kenako anayang'ana fomu.

"Walemba ndani apa?"

"Ine," ndinatero.

"Bambo, apa mwana adzaphunzira kunenepetsa nkhumba ndi kukama mkaka. Ndi maphunziro abwino, koma mvuu sadzaiona. Zimene akufunazi zili ku maphunziro a nyama zakutchire. Kumeneko amakhala m'tchire ndi kope, kulemba zimene nyama ikuchita."

"Ndinakuuzani, ababa," Tadala anatero motsitsa mawu. "Munati nyama ndi nyama."

Ndinapempha fomu yatsopano. Analibe. Anati ndingokhwatcha n'kusainira pambali. Ine, amene ndinkabweza anthu kunyumba chifukwa cha dontho la inki! Ndinapempha rula, ndinajambula mzere umodzi wowongoka pa zimene ndinalemba, ndinasaina. Ndiye ndinapereka bolopeni kwa mwini fomu, Tadala. Analemba mopendekera monga mwa masiku onse, ndipo ndinadzigwira osamudzudzula.

Tinagona kwa mlamu wanga ku Kawale, n'kubwerera Lachinayi. Lachisanu m'mawa tinakapereka fomu ku ofesi yolandirira mafomu, ndipo inalandiridwa, ndi chidindo chake. Pa makalata osayankhidwa aja ndikadali wokwiya. Koma akanandiyankha, ndikanawerenga ndekha, n'kugamulanso ndekha. Zinatengera basi ya tsiku lonse kuti ndikhale chete ndimve mwana wanga akufotokoza yekha chimene akufuna.