Ndolo za Amayi ndi Pepala la Mizere Itatu

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndolo za amayi zinasowa m'nyumba mwathu ku Silicon Oasis, ku Dubai. Zinali zagolide, zing'onozing'ono ngati nyemba, ndipo amayi ankazivala popita kutchalitchi kokha.

Bambo anga ankaphunzitsa filosofi. Anayambira ku Zomba, kenako anapeza ntchito pakoleji ina yaing'ono ya ku Dubai, yamtundu uja woti wophunzira amayamba walawa zonse, mbiri, nyimbo, masamu ndi zinenero, asanasankhe chake. Kalasi yawo inali ya anthu ochepa, ozungulira tebulo limodzi. Anzawo achimalawi, mainjiniya ndi maakauntanti, ankawaseka tikakumana Lamulungu. "Ndiye a Profesa, amakulipirani kuti muzingofunsa mafunso opanda mayankho?" Bambo ankaseka nawo. Vuto linali lakuti ntchitoyo sankaisiya ngakhale akaweruka. Ukangoti kunja kukutentha, ankatsitsa magalasi n'kufunsa kuti, "Wadziwa bwanji?" Apo n'kuti uli mwezi wa Ogasiti, chitsulo cha pakhonde chikuwotcha dzanja. Funso limenelo ndinkadana nalo zedi.

Amayi anali namwino ndipo ankabwera atatopa, choncho amene anandilera kwenikweni ndi Anti Felesiya, mayi wa ku Ntcheu amene ankagwira ntchito pakhomo pathu. Ankagona m'kachipinda kopanda zenera pafupi ndi khitchini. Anali atakhala nafe zaka zinayi, ndipo kumudzi anasiya ana awiri apasukulu.

Amene anayambitsa kukayika ndi ine, sindingabise. Ndinauza amayi kuti ndinawaona Anti akutuluka kuchipinda kwa makolo anga dzanja lili m'thumba la epuloni. Kuchokera tsiku limenelo, chilichonse chimene Anti ankachita chinkanunkha kuba. Akatsitsa mawu pafoni, ndinkati akukambirana ndi wogula. Akanyamula chikwama tsiku lawo lopuma kupita kwa anzawo ku Al Qusais, ndinkachiyang'anitsitsa kuti ndione ngati chalemera. Tsiku lina ali kusita, ndinalowa m'kachipinda kawo n'kuyalula matiresi. Ndinangopezapo buku lanyimbo ndi zithunzi za ana awo, koma m'malo mochita manyazi ndinangoti ndi ochenjera, abisa kwina. Amayi nawo anayamba kukiya wadiropu n'kumayenda ndi kiyi kuntchito.

Mnzawo wa amayi atabwera kudzacheza, sanachedwe kupereka nzeru. "Itanani apolisi, khalas, nkhani ithe basi. Antchitowa mukamawasekerera amazolowera." Ngakhale ndinali mwana, ndinkadziwa tanthauzo lake. Wantchito akanenezedwa kuba kumeneko, viza imatha, amakwezedwa ndege, ndipo mbiriyo imakafika kumudzi iye asanafike.

Loweruka m'mawa bambo anatiitana pathebulo lodyera, ine ndi amayi. Anatenga pepala n'kulemba mizere itatu monga ankachitira m'kalasi: zimene ndaona, zimene ndamva, zimene ndikuganiza.

"Tadala, unaona chiyani?"

"Dzanja lili m'thumba."

"Golide unamuona?"

"Ayi."

"Iweyo dzanja lako sulipisa m'thumba?"

Anandifunsa motero mpaka umboni wanga wonse unasamukira mumzere wachitatu. Amayi nawo anafunsidwa za kiyi, za tsiku lomaliza limene anavala ndolozo, ndipo mayankho awo anali osokonekera. Pomaliza bambo anayika cholembera pansi nkhope ikuwala. "Mwaona? Palibe umboni. Sitingaweruze munthu popanda umboni. Zaapolisi zithere pompano."

Ndi pamene ndinazindikira kuti mpopi wa kukhitchini, umene unkathira madzi nthawi yonseyi, unali utasiya. Anti Felesiya anatulukira akupukuta manja pachitenje. Sanakhale pansi.

"Bambo, ndamva zonse, ndipo zikomo pondichotsera apolisi. Koma mwafunsa aliyense, inuyo simunafunsidwe. Mumtima mwanu, ndinaba kapena sindinabe?"

Bambo anakonza magalasi. "A Felesiya, ine sindinganene kuti ndikudziwa chinthu chomwe sindinachione. Chimene ndikunena n'chakuti..."

"Zaka zinayi mwakhala mukundisiyira mwanayu," anatero Anti, mawu ali pansipansi. "Ndimamusambitsa, ndimamumwetsa mankhwala, ndimamuwolotsa msewu. Pamwana simunafunepo umboni. Lero pandolo ndi pamene mukuufuna." Kenako anatembenukira kwa amayi. "Madamu, kontirakiti ikatha mwezi wamawa, musaionjezere. Ndipeza kwina."

Bambo anavula magalasi. Anangoyang'ana pepala lawo lija. Ine ndinafuna kulira, koma ndinaopa kuti Anti andiona.

Anti anapitadi. Amayi anawachonderera, bambo anapepesa, koma munthu anali atamanga kale mtima. M'mawa wa tsiku lonyamuka anandiluka tsitsi monga mwa masiku onse, osakoka ngakhale pang'ono, ndipo sanatchule za ndolo. Ndolozo sizinapezeke mpaka tinasamuka m'nyumbamo.

Bambo anaphunzitsabe pakolejipo zaka zambiri. Nditakula ndinakhalapo m'kalasi yawo kamodzi, kumbuyo. Ndinawamva akuuza ophunzira kuti mawu oti "sindikudziwa" nthawi zina ndi chilungamo, koma nthawi zina ndi pobisalira munthu wamantha, ndipo kuti iwo anaphunzira zimenezi mochedwa, kwa munthu amene sanalowepo m'koleji. Dzina sanalitchule.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti ine ndinali mwana, ndipo bambo anayesetsa. Lero ndikuona kuti tonse tinawakayikira Anti, kungoti ine ndinachita mwachipongwe, bambo mwaulemu. Mayi uja sanatuluke m'khitchini kudzafuna chigamulo. Ankafuna munthu mmodzi yekha m'nyumba imene anaitumikira zaka zinayi, woti anene kuti, "Awa sangabe, ndikuwadziwa." Tinalipo atatu pathebulopo, ndipo amene ankawadziwa koposa onse ndinali ine. Ndinakhala chete.