Tambala wa kameta wobwereka

Taganizani m'mawa wina wa Novembro ku Degue, dera la ku Tete. Dzuwa langotuluka kumene koma malata atentha kale. Dona Tomásia, mayi wogulitsa mazira wochokera ku Angónia, waima pampanda akuyang'ana mnansi wake Dionísia akutola mazira. Mbale yadzaza. M'khola mwa Tomásia mwapezeka dzira limodzi lokha.

Umu ndi mmene chinalili chaka chake choyamba ku Tete. Anatsika ndi nkhuku khumi ndi ziwiri zochita kusankha, zanthenga zothithikana, poti kwawo kozizira nkhuku yabwino ndi imeneyo. Khola analimata dothi mbali zonse monga amachitira kwawo. Za Dionísia zinali za kameta, zija za makosi ofiira opanda nthenga.

"Mana, nkhukuzi munayamba kuzisosola kenako n'kusintha maganizo?" Tomásia ankamufunsa, poti ankaitanana mana, kutanthauza mchemwali.

"Zisiyeni, mana, sizikupita ku ukwati," Dionísia ankayankha.

Kutentha kutafika, nkhuku za Tomásia zinkangokhala kukamwa yasa, mapiko ali lende. Zinasiya kuikira, zinayi zinafa. Omugula mazira anayamba kupitirira pakhomo pake kukagogoda kwa Dionísia, ena n'kumupatsa moni podutsa. Tomásia ankasuzumira pampanda kuti aone zomwe mnzakeyo amapatsa nkhuku zake. Anali madeya omwewo, madzi a pampopi womwewo. Anatha masabata awiri osamulankhula.

Tsiku lina ndikuchokera kusukulu kumene ndimaphunzitsa, anandiimitsa atagwira nkhuku ya Dionísia imene inalowa m'bwalo mwake.

"Aphunzitsi, mayi uja ali ndi mankhwala. Chinthu chonyansa chonchi n'kumaikira tsiku ndi tsiku?"

Ndinamuuza agwire khosi. Linali lotentha. Kenako atukule phiko, aone kuchepa kwa nthenga m'munsimo. Ndinafotokoza monga ndimachitira ndi ana anga m'kalasi, kuti nkhuku situluka thukuta. Kutentha kwa m'thupi kumatulukira pakamwa ikamapuma wefuwefu, ndiponso pakhungu pamene pali poyera. Kameta ili ndi khungu loyera lalikulu. Za Tomásia zinali ndi pakamwa pokha, m'khola mosalowa mphepo.

"Ndiye zanga zafunda bulangete ku Tete?" anatero Tomásia. Sanaseke.

Khoma la khola analiboola tsiku lomwelo. Chovuta chinali tambala wosinthira mtundu wa nkhuku zake, chifukwa wa kameta wapafupi anali wa Dionísia. Anazengereza masiku atatu, nkhuku yachisanu n'kufa, ndiye anapita.

"Tengani, mana," anatero Dionísia, "koma amadya ngati mlendo."

Nsanje sinathere pomwepo. Mpaka lero Tomásia amati mazira a Dionísia ndi ang'onoang'ono, ndipo tambalayo anamubweza patapita miyezi iwiri, atachita kukumbutsidwa. Koma anapiye oposa theka anatuluka a makosi oyera, ndipo ndi amene anasunga.

Novembro wapitayu anali ndi nkhuku makumi atatu ndi imodzi, ndipo sinafe ndi imodzi yomwe.