Zidendene za ku Canongola

Anyamata amene boma linawatumiza ku Jeremani ya kum'mawa anabwerako ndi katundu wooneka. Wina njinga yamoto, wina filiji, wina wailesi yaikulu ngati bokosi la maliro. Venâncio anabwerako ndi njerwa.

Musaseke msanga, zoseketsa zili kutsogolo. Sizinali njerwa zomangira nyumba ayi. Tinali tinjerwa tating'ono, kukula kwake ngati sopo wosambira, topepuka, tamaenjemaenje ngati chulu chogumuka, kalikonse kali ndi nambala yake ya penti yoyera pamsana. Abale amene anakamuchingamira atamva sutikesi ikulira gobedegobede anatsinana, poganiza kuti muli mbale zadothi za Azungu. Atatsekula, amalume ake anangovala chipewa n'kumapita osatsanzika.

Venâncio anali mwana wa ku Tsangano, wa olima kachewere, koma mutu anali nawo, zimenezo sitingamumane. Anzake kumeneko ankamanga mabawuti m'mafakitale, iye anali pa sukulu yaikulu. Atabwera kutchuthi nkhondo ili mkati, m'malo motenga ufa kapena masau, anatapa dothi la m'mbali mwa Zambezi ndi phulusa la malasha a ku Moatize n'kupita nazo ku Ulaya. Kumeneko anasakaniza, anaumba, n'kuwotcha mu uvuni wamagetsi, kanjerwa kalikonse pa moto wakewake. Kenaka anatiunika ndi makina onga aja aunikira chifuwa kuchipatala. Ankati mkati mwa mwala muli tinthu tosaoneka tondandalikana ngati mizere ya chimanga, ndipo moto ukachuluka mizereyo imasintha kaimidwe. Cholinga chake akuti chinali njerwa yopepuka, yolimba, yosalowetsa kutentha m'nyumba. Kuno ku Tete, kumene ngakhale buluzi amapempha mthunzi, nkhani imeneyo ikanamveka. Koma asanamalize, khoma lija logawa Ajeremani pawiri linagwa, ndipo anauzidwa kuti azibwerera kwawo. Munthu wophunzira za njerwa, khoma n'kumugwera.

Anapeza ntchito yauphunzitsi pa sekondale ina m'tauni, anakwatira Dulce, mwana wa ku Angónia wogulitsa tomato, anapeza kanyumba ku bairo, ndiye kuti dera, la Canongola, n'kubereka mwana wamkazi, Nércia. Wina akanakhazika mtima pansi. Koma mphunzitsi wake wokalamba wa ku Jeremani anamulembera kuti: zimene unapeza zija uzilembe bwino, zikatuluka m'magazini ya akatswiri, ndikupezera malo ubwere udzamalize, ukhale dokotala wa zimenezi. Koma fulumira, ine ndatsala pang'ono kupuma ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo Venâncio thupi lokha ndi limene linkakhala ku Canongola.

Ntchito yolemba pepalalo mukanaiona! Magaziniyo inkafuna Chingerezi, chimene iye ankachidziwa monga mbuzi idziwira Misa: kumva belu lokha. Liwu lililonse ankalisaka m'dikishonale. Ankabwereka taipi ya kusukulu Loweruka masana, n'kumagogoda ndi zala ziwiri, makope atatu ndi pepala la kaboni. Zilembo zina zachigiriki pa taipiyo panalibe, ndiye ankasiya mpata n'kudzazilemba pamanja. Zithunzi za mizere yokwera ndi yotsika ankajambula ndi inki yakuda, atamanga thaulo pamkono kuti thukuta lisadonthere, koma linkadontha ndithu kuchokera pamphuno, iye n'kuyambiranso. Ulendo woyamba pepalalo linabwezedwa osawerengedwa n'komwe, akuti mizere yathinana ndipo maina a mabuku kumapeto sanawandandalike monga iwo afunira. Anataipanso lonse.

Pamenepo n'kuti mtendere utabwera, anthu akubwerera kuchokera ku Malawi, mitolo pamutu, malole a katundu akudutsanso pamlatho. Aliyense ankamanga. Amene anali ndi chipinda chimodzi m'tauni anadzuka ali ndi mudzi wonse pakhomo. Kwa Venâncio kunafika apongozi ake, mayi Teresinha, ochokera ku msasa wa othawa nkhondo cha ku Ntcheu. Anali atayenda pansi kokwanira moyo wa anthu atatu, ndipo zidendene zawo zinali ndi ming'alu yoti mungadzalemo mtedza.

Apongozi analibe poika nsalu zawo. Dulce anakoka sutikesi ija kunsi kwa bedi, anakhuthulira tinjerwa m'dengu, dengulo n'kuliika kuseri kwa nyumba.

M'mawa wina Venâncio akumeta ndevu pakhonde, anaona pagalasi apongozi akupita kubafa, ndowa kudzanja ili, kudzanja linalo kanjerwa, nambala yoyera ikuonekera pakati pa zala. Lumo linaima pakhosi. Tsono inu mukudziwa za mkamwini ndi apongozi ake kwathu kumtunda: mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, poyankhulana mumayang'ana kumbali, ndipo mawu olemera amadzera mwa mwana wawo. Nanga mkamwini angakuwe kuti, "Amayi, mukupita nacho kuti kubafako?" Munthu anaphunzira mpaka ku Ulaya, koma apa anangotsokomola. Apongozi anayankha kuti, "Pepani chifuwa," ali chiyang'anire kumpanda, n'kulowa. Posakhalitsa kunamveka kwe, kwe, kwe.

"Amake Nércia," anatero atamukokera Dulce kuchipinda, "muwauze amayi kuti timiyala tija si toseweretsa. Ndi sukulu yanga imene ija."

"Ndiwauza."

"Muwauze mwaulemu, komatu amve."

"Ndati ndiwauza, bambo a Nércia. Kapena mukawauze nokha?"

Venâncio anakhulupirira. Ndiponso mumtima ankati ntchito ya tinjerwato inatha kale, poti manambala onse anali papepala. Kuseri kwa nyumba, kumene kunali bafa ndi zingwe zoyanikapo zovala za apongozi, mkamwini waulemu sapitako. Anatumiza pepala lake kupositi n'kuyamba kudikira. Mvula inabwera n'kupita. Wa kupositi anafika pomamuona patali n'kumangopukusa mutu kuti asavutike kuwoloka msewu.

Yankho litafika, Venâncio analowa m'nyumba akuvina. Pepalalo linawerengedwa ndi akatswiri awiri obisa maina, monga zilombo za kudambwe zimene zimakukwapula iwe osadziwa kuti ndi mwana wa yani. Woyamba anangodandaula za Chingerezi. Wachiwiri anati nkhani ndi yabwino, koma pakusowa muyeso umodzi, ndipo uyenera kuchitika pa tinjerwa tomwe tija, osati tina. Mphunzitsi wokalamba uja anawonjezera pamanja kuti: titumizire kuno, ndiyeza ndekha, ukatero basi wapambana.

Venâncio anazungulira kuseri kwa nyumba koyamba m'miyezi yonseyo. M'dengu munali nkhuku ikufungatira mazira.

Zinapezeka kuti mayi Teresinha, ataona kuti zidendene zawo zasalala ngati za khanda, sanafune kudya okha. Anali mlendo m'bairo, ndipo mlendo amagula abwenzi ndi chimene ali nacho. Wowapatsa moto, kanjerwa. Wowasungira malo pamzere wa pampopi, kanjerwa. Amayi a kwaya ya ku tchalitchi, aliyense kake. Canongola yense anali kuyenda ndi mapazi onyezimira, ndipo mwini wake, poti ankayenda maso ali kumwamba kuganiza za ku Jeremani, sanaone kanthu.

Ndiye purufesoro wathu anavala tayi, anatenga thumba la shuga lopanda kanthu, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Odi kuno! Pepani, Dona Rosa, ndimafuna kamwala kaja anakupatsani apongozi anga."

Rosa, wogulitsa usipa ndi nsomba zouma za chikowa, anaitana anzake kaye asanayankhe. "Tabwerani mudzamve! A purufesoro akufuna cha kubafa kwanga. Mulowa nokha kapena ndikuperekezeni?"

"Ndi nkhani ya sukulu, mayi."

"Sukulu yake ndi iyi," anatero akutukula chidendene mpaka pafupi ndi tayi. "Taonani mmene ndakhozera mayeso. Amuna anga anabwerera kwa ine kuchoka kwa mkazi wamng'ono chifukwa cha phazi limeneli. Mukandilanda, banja langa likatha, mudzanditenga ndinu?"

Kwina anamuuza kuti kanagwera m'chimbudzi, akafuna akatenge. Kwina mwamuna wa pakhomopo anamufunsa kuti wadziwa bwanji zimene zili kubafa kwa mkazi wake, ndipo anamuperekeza ndi mpini mpaka pamsewu. Ana a sukulu amene ankawaphunzitsa anaona zonsezi, ndipo m'mawa mwake atatembenuka kulemba pabolodi, kalasi yonse inayamba kukhuza mapazi pansi, kwe, kwe, kwe.

Kanatsala ka apongozi. Anakhala pakhonde, Venâncio wayang'ana kumsewu, mayi Teresinha ayang'ana kukhoma, Dulce pakati ngati mlatho.

"Muwauze amayi kuti sindikudandaula, ndikungopempha."

"Akuti sakudandaula."

"Ndamva, sindine gonthi," anatero mayi Teresinha kuuza khoma. "Uwafunse bambo a pakhomo pano. Ine ndinasiya nyumba ikuyaka. Ndinakwirira amuna anga m'dziko la eni, opanda ndi bokosi lomwe. Ndabwera kwa mwana wanga, ndadya chiyani chawo? Nyama? Ndatenga mwala. Mwala, Dulce! Kumsasa kuja ngakhale Azungu ogawa ufa sankatiwerengera miyala."

Analowa m'nyumba, anakhuthula nsalu zawo m'sutikesi, anamanga mtolo n'kukakhala nawo pansi pa mlambe wa pamphambano, pamene aliyense wopita kumsika amadutsa. Sanalire mokweza. Ankangoyankha aliyense wofunsa kuti, "Andithamangitsa akamwini, ndinawatengera mwala." Pofika masana akuluakulu a mpingo anali pakhomo. Venâncio anagwada pa fumbi lotentha, tayi ili m'khosi, anapepesa ndi nkhuku ndi chitenje chatsopano. Nkhuku yake inali yomwe ija ya m'dengu. Apongozi anabwerera, ndipo kanjerwa kawo anamuponyera pamapazi.

Zimene anatolera anaziyala patebulo. Sitinalinso tinjerwa. Tinali timazira, tina ngati nthanga za mango, toterera ndi sopo, tonunkha zimene mukudziwa. Nambala panalibe ndi imodzi yomwe, zidendene zinadya penti yonse. Kawotchedwa pa moto uti ndi kati? Uvuni uli ku Jeremani. Nthawi ya mkulu uja, mphunzitsi wake wa ku Jeremani, ikutha. Wansembe wina wachizungu anali kunyamuka sabata yomweyo kupita ku Ulaya, ndipo anavomera kunyamula phukusi.

Apa ndi pamene Venâncio akanalemba zoona, kuti akuluakulu, njerwa zanga zatha ndi mapazi a amayi a ku Canongola. Anayesa. Anatsegula dikishonale kufuna liwu la chidendene, analipeza, analiyang'ana nthawi yaitali, n'kutseka buku. Anatsuka timiyala tija ndi madzi otentha, anatiyanika, anatiyang'anitsitsa mtundu, kofiirira uku, kotuwa uku, n'kutenga penti yoyera ndi nthenga ya nkhuku. Analemba manambala mongoganizira. M'kalata anati tangoperepeseka ndi ulendo.

Makina sachita manyazi ndi munthu. Yankho la ulendo uno silinachedwe, ndipo linali lalifupi. Mkulu uja anati wayeza kawiri. Kamene kalembedwa kuti kanapsa pa moto waukulu kakuonetsa za moto wochepa, ndipo palibe kamene kakugwirizana ndi pepala. Choncho kaya manambala a m'pepala ndi opeka, kaya a pa miyala ndi opeka, iye sangaikepo dzina lake, ndipo wauza a magazini kuti pepalalo alichotse. Anati anapezamonso sopo ndi zina zochokera pakhungu la munthu, zimene sakufuna kuzidziwa. Anamaliza ndi kumufunira moyo wabwino, ndi kumupempha kuti asalembenso.

Venâncio anawerenga ali chiimire pabwalo. Dulce anali pansi akusankha tomato wopita naye kumsika, wabwino uku, wophwanyika uku.

"Amake Nércia. Tsiku lija, amayi munawauza?"

"Ndinawauza."

"Munati chiyani?"

Dulce anatembenuza tomato m'dzanja, anamupukuta ndi chitenje. "Ndinati akamwini anu akuti musankhe timene mwakonda, totsalato mugawireko anzanu."

Venâncio anamuyang'anitsitsa.

"Mukundiyang'ana chiyani? Alongo awo a Rosa anapita komweko kukaphunzira, akazi awo mpaka lero akudikira, amangolandira zithunzi za ana amakutu ofiira. Ine ndikhale pano ndi mwana ndi amayi, inu muli kudya tchizi? Tagwirani dengulo mundisenzetse, dzuwa lakwera."

Anamusenzetsa. Nanga akanatani, apongozi ali pakhonde akuyang'ana kukhoma, makutu ali kuno?

Venâncio akuphunzitsabe pa sekondale pomwe paja, tsitsi layamba kuyera. Pambuyo pa Nércia panabadwa ena anayi. Nyumba ya ku Canongola anaikuza ndi zidina zadothi wamba zoumba alamu ake, zotentha ngati uvuni wa buledi, ndipo masana a Lamulungu mudzamupeza atakhala panja, malaya atavula, akudzikupiza ndi katoni.