Tsiku limene amuna anga ananditsekera m'munda wa ng'ombe

Anzanga, nkhani iyi si yongomva ayi, inachitika pathupi langa lomweli, ndipo wokayika abwere ndimugwiritse nthiti zakumanzerezi amve yekha momwe zinalumikizirana mokhota. Dzina sinditchula la aliyense, poti ena mwa inu timakumana kutchalitchi ndi pamsika wa ku Bilston, ndipo munthu wake mumamupatsa moni ndi manja awiri.

Ine ndinakulira ku Chikwawa, ndipo poti kwathu tinabadwa akazi okhaokha, ng'ombe za bambo ndinkaweta ndine. Tinali ndi agalu achikuda, aja oonda opanda mtundu, koma pantchito, eee! Ng'ombe ikalowa m'ziyangoyango za minga momwe munthu sungaponde, ndinkangoimba likhweru, agalu n'kulowa, wina kuiuwa kumaso wina kuiluma kumwendo, mpaka ituluke yokha. Nkhanizi ndinkawafotokozera amuna anga tikamacheza, iwo n'kumaseka, pajatu ndi mwana wa ku Ndirande, ng'ombe ankaidziwira m'mbale basi.

Titabwera kuno kudziko la azungu, ine pantchito yosamalira okalamba iwo ngati dipendenti wanga, wodalira mapepala anga, anavutika miyezi ndithu asanapeze ntchito pa famu ina kunja kwa Wolverhampton. Loweruka lina ndili pa ofu, nditatopa ndi mashifiti, anandiuza kuti ndivale bwino akandionetse kumidzi ya azungu, ndipumeko mpweya wina. Mayo ine, ndinasangalala ngati mtsikana! Ndinavala diresi langa latsopano ndi nsapato zoyera, m'galimoto ndikuimba, kuganiza kuti chikondi chabwerera.

Titafika pa famu ija m'pamene anaulula. Anati pofunsira ntchito anauza mwini famu, mzungu wachikulire, kuti anakula akuweta ng'ombe ndi agalu, ndiye kuti ubwana wanga wonse anautenga n'kuuvala ngati jekete lawo. Tsopano mzunguyo anali atapita kumsika wa ziweto, atawasiyira ntchito yotulutsa ng'ombe zokhala ndi ana m'munda wakumunsi, wodzaza zitsamba ndi minga, ndipo iwo analephera dzulo lake lonse. Anandichonderera kuti mayi, mukapanda kundithandiza ntchito yatha. Mtima unandiwawa, koma mukanakhala inu mukanatani? Mwamuna wako akugwada m'matope, umusiye?

Anandipatsa galu wa pafamupo, wosakanizika mtundu, wabulauni, wofanana ndithu ndi aja akwathu. Kwathu galu wa ng'ombe samangidwa, amayenda yekha, koma iwo anakakamira kuti kuno galu akaluma chiweto ndi mlandu, ndipo anandikulunga okha chingwe chake padzanja kuti asandipulumuke. Tinalowa pageti yachitsulo, ine patsogolo iwo pambuyo. Nditaziona ng'ombezo ndinaseka, poti zinalibe nyanga ngakhale imodzi, ndiye mumtima ndinati ng'ombe yopanda nyanga ingandichite chiyani ine mwana wa ku Chikwawa?

Ndinaimba likhweru langa lija, galu n'kuuwa. Abale, ng'ombe zakwathu zikamva galu zimatembenuka n'kumapita, koma izi zinatuluka m'zitsamba zonse pamodzi, zikuluzikulu ngati minibasi, mitu pansi, ana awo atatsalira kumbuyo, zikulunjika pagaluyo, ndipo galuyo anali womangidwa kudzanja langa. Nthaka inkanjenjemera, sindikunama. Ndinacheuka kuti ndiwauze amuna anga tibwerere pang'onopang'ono, koma ndinaona msana wokha, ali pa liwiro la mtondo wadooka. Nanenso ndinathamanga, galu akundikoka uku ndi uku, ndikukuwa kuti andidikire. Geti sinali patali, nkhope yawo ndinkaiona bwinobwino. Anatuluka, anatembenuka, anandiyang'ana m'maso, n'kukankha geti, ndipo ndinamva mpiringidzo wachitsulo ukulowa kuti khwaa.

Yoyamba inandigunda kumsana ndi chipumi, ndinagwa chafufumimba m'matope. Ndinamva chiboda panthiti, chinthu n'kuthyoka m'kati ngati nkhuni youma, mpweya wotentha wa ng'ombe uli m'khosi mwangamu, ndipo ndinadziwa kuti basi, ndikapita kwathu m'bokosi. Ndinayesa kumasula chingwe koma chinali chitandimanga zolimba. Mwayi wake galu uja, pofuna kudzipulumutsa kapena kundipulumutsa, Mulungu ndiye akudziwa, anavula kolala ya m'khosi mwake n'kuiluma ng'ombe ija pamphuno. Inandisiya n'kumulondola, zinzake pambuyo, iye akuuwa, kuthawa, kubwereranso kudzaluma kumwendo, mpaka anazikokera kutsidya lina la munda. Ine ndinakwawa ndi chigongono n'kudutsa pansi pa waya waminga, diresi lija likutsalira m'mingamo.

Ndili chigonere kunja kwa mpanda, ndikulephera ngakhale kulira, mwini famu anatulukira kuchokera kumsika kuja, ndipo ndi iye amene anaimbira ambulansi n'kundifunditsa jekete lake. Atafunsa kuti chachitika n'chiyani, amuna anga anayankha m'Chingerezi chosalala, ine ndikumva ndi makutu angawa, kuti mkaziyu analowa yekha ndi galu kuti akajambule zithunzi, iwo anamuletsa koma samamva. Anzanga, chiboda cha ng'ombe chinawawa, koma mawu amenewo ndi amene anandipha. Ndinafuna kukuwa kuti bodza, mpweya unalibe potulukira.

Kuchipatala amuna anga ankabwera ndi zipatso, nkhope yogwa, ndipo kutchalitchi anakaimirira kupereka umboni kuti Yehova anapulumutsa banja lawo, anthu n'kumawomba m'manja. Nditawafunsa za geti anati anachita mantha, komanso ankaopa kuti ng'ombe zingatulukire mumsewu. Msewu uti? Geti imeneyo inkalowera pabwalo la famu, lotchingidwa mbali zonse. Ankhoswe anandiimbira foni kuchokera kumudzi kuti mwamuna ndi mwana, banja ndi kupirira, ndiwakhululukire poti mantha sasankha munthu. Ndinayesetsa, Mulungu ndi mboni, ndinakhala nawo m'nyumba imodzi mpaka nthiti zinapola, koma akangotseka chitseko cha kubafa n'kukhoma, thupi langa lonse linkazizira. Mapeto ake ndinalongedza katundu, pano ndimachita lendi kachipinda ku Tipton.

Zaka zapitapo, ndipo chomwe ndimakhulupirira lero ndi ichi: kuthawa ndikanawakhululukira, poti miyendo imathawa yokha munthu asanaganize. Koma kuima, kutembenuka, kumuona mkazi wako akubwera n'kukoka mpiringidzo, zimenezo si miyendo ayi, ndi mutu womwe waganiza n'kusankha. Ng'ombe zija sindizida, zinkateteza ana awo, ndipo galu uja, yemwe ndinamva kuti anatsala wotsimphina, ndimamupempherera ngati m'bale.

Tsono wakutsina khutu ndi mnansi. Inu obwera kumene, musanyengedwe ndi ng'ombe zakuno poti zilibe nyanga, ndipo yokhala ndi mwana musaiyandikire muli ndi galu. Zikakuthamangitsani tayani chingwe, galu amadziwa kudzisamala kuposa inu. Ndipo inu amayi anzanga, wina akadzakuuzani kuti pirirani poti bamboyo anangochita mantha, mudzamufunse kuti nanga manja anapeza bwanji nthawi yokhoma.