Mtondo Wobooka wa ku Bentley

Ndikukumbukira chaka chathu choyamba ku Bentley, kutsidya kwa nyanja, pomwe mayi anasiya kuseka. Akaweruka ku ntchito nkhani inali imodzi: kubwerera ku Malawi. Chilichonse chinkawaipira, makamaka nsinjiro zogaya pa makina, zomwe ankati zimanunkha magetsi. Bambo ankaopa kuti tsiku lina adzapezadi masutikesi ali pakhomo, ndiye anaganiza zowasemera mtondo.

Mwayi unapezeka mnansi wathu, mzibambo wa ku Papua, atadula mtengo wonga mgwalangwa pabwalo pake. Bambo anayesa kutema chipika chimodzi, nkhwangwa n'kudumpha. Kunja kwake kunali gwa ngati fupa, kodzaza timitsitsi takuda tobaya m'manja. Mnansiyo anawachenjeza kuti mitengo ya mtunduwu imalimba kunja kokha. Anati kwawo kuli wina wotchedwa sago, womwe chigoba chake amayala pansi m'nyumba, koma m'kati ndi mofewa moti amafinyamo ufa n'kudya. Bambo anamuthokoza mwaulemu. Kwathu mtengo umalimba pamtima, ndipo sanaone chifukwa chomvera munthu wodya mitengo.

Kusema kunayenda mwachangu chokayikitsa. Zam'katizo zinkangonyotsoka, zonyowa, zonunkha ngati nzimbe yosasa. Bambo anati limenelo ndiye luso.

Loweruka anawaitana mayi, n'kuthira mtedza mu mtondomo. Musi unali mpini wa fosholo. Mayi anamanga chitenje m'chiuno, ndipo anangosinja pang'ono musi n'kupyola mpaka pa simenti. Bambo ananyamula mtondo wawo, mtedza n'kutsala pansi. Anatisuzumira ndi diso limodzi kudzera pabowolo.

"Mitengo ya kuno ilibe mtima," anatero.

Mayi anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Ine ndinachita mantha, chifukwa ndinali nditaiwala kamvekedwe ka kuseka kwawo. Atapuma anapukuta m'maso ndi chitenje.

"Bambo a Tadala, munthu ngati inu ndingamusiye yekha kuno?"

Za masutikesi sizinamvekenso.

Masiku ano nsinjiro timagula za m'paketi, ndipo ana anga ukawauza za musi amakuyankha m'Chingerezi. Bambo anatisiya, ndipo ndimawasowa. Mayi posamukira ku Rockingham anagawa mipando ndi firiji yomwe, koma chigoba cha mtondo uja anachifukata pamiyendo m'galimoto. Mpaka lero sichinaole. Akachiyang'ana amasekabe, kenako amatuluka panja okha.