Thumba la Bambo Zakariya

Ntchito ya userevente, yokolopa ndi kuthandiza anamwino, pa chipatala chathu chaching'ono anandipezera ndi azakhali anga, amene ankagulitsa zitumbuwa pachipata. Anamva kuti mayi wokolopa wasamukira ku Cassacatiza, basi anandikokera kwa anamwino aakulu, a Jasinto, amene tonse timawatcha shefi. Ndinali ndi zaka makumi awiri, wamantha ngati nkhuku yachilendo. Ngakhale kulowa m'chipinda cha mabala ndinkaopa.

Sabata yachiwiri anabwera nawo bambo Zakariya, mlimi wa ku Mualadzi. Ku chipatala chachikulu cha mumzinda anawadula mbali ya chiwindi imene inali ndi chotupa, nawabweza kuti tiziwayang'anira. Chilonda chinali chachitali, chokhota pansi pa nthiti. Pambali pake panatuluka kapaipi kotchedwa dereno, kotsitsira madzi a m'kati m'thumba lapulasitiki.

A Jasinto anali okha ndi mzere wa odwala wofika pamsewu, ndiye thumbalo anandipatsa ine. "Rozita, m'mawa uliwonse ukhuthulire m'kapu ya mizereyi, uwerenge, ulembe. Akachepa masiku atatu otsatizana, dereno tichotsa."

Ndinkatero ndithu. Madzi ankakhala pang'ono, osapitirira mzere woyamba. Ndinkalemba mosamala, n'kumadzitama kuti ntchito ndaidziwa. Ha, uchitsiru!

Tsiku lachinayi, lochotsa dereno, ndinafika molawirira chifukwa wina ananditenga pa mota, njinga yamoto. Kuseri kwa chipatala ndinapeza mayi Nabanda, akazi a wodwalayo, atagwada pansi pa mango, akukumba ndi kamtengo. Pambali pawo panali botolo lodzaza madzi obiriwira ngati a masamba a nkhwani.

"Mayi, n'chiyani chimenecho?"

Anandigwira dzanja. "Mwana wanga, usanene. Zotuluka m'thupi la munthu sizisiyidwa poyera. Kumudzi alipo amene sanakondwe kuti bamboo abwera amoyo. Akangotolako dontho, atha."

Ndiye kuti m'mawa uliwonse, ine ndisanafike, ankakhuthula thumbalo n'kukakwirira. Chimene ndinkayeza ine chinali chotsalira chabe.

Ndikanena, ndiye kuti zonse ndinalemba masiku atatu ndi bodza, ndipo ntchito ya masabata awiri ithera pomwepo. Komanso mayi wamkulu wandipempha ndi misozi. Ndinatenga chokolopera n'kuyamba kukolopa khonde lomwe ndinali nditakolopa kale dzulo madzulo. Sindibisa, ndinkafuna kungokhala chete.

Kenako a Jasinto anandiitana kuti ndigwire mbale ya zida. Anayang'ana zomwe ndinalemba, nagwedeza mutu mokhutira. Anapukuta khungu ndi mankhwala, nanyamula tezora, sizasi, kuti adule ulusi womangira dereno. Bambo Zakariya anandimwetulira, milomo ili gwa kuuma.

"Shefi, dikirani!" Mawu anatuluka okha, aang'ono ngati a mwana. Ndinathamangira kuseri, n'kubwera ndi botolo lija, limene mayi Nabanda anali atalisiya theka nditawapezerera. Ndinawauza a Jasinto zonse.

A Jasinto analiyang'anitsa pawindo, nkhope inasintha. "Iyi ndi ndulu. Ikudontha pamene anadulapo. Tikanachotsa dereno ikanadzaza m'mimba, ndipo ndi msewu wathuwu sakanafika kumzinda amoyo."

Anaimbira dotolo wa kumzinda, ambulansiya inawatenga bambo Zakariya masana. Mayi Nabanda anakwera osandiyang'ana. Ine ndinakalowa m'chipinda cha zokolopera n'kulira, kudikira kuti andichotse ntchito. A Jasinto anangoti, "Wachedwa kunena, koma wanena. Kagwire ntchito."

Masabata anadutsa opanda uthenga. Foni ikalira, ndinkasiya kukolopa n'kutchera khutu. Ndinkaopa ngakhale kufunsa anthu a ku Mualadzi pamsika.

Nthawi yokolola, munthu wina anatsika panjinga pachipata, atamanga maungu kumbuyo. Anali bambo Zakariya, oonda koma opalasa okha! Anati kapaipi kaja anakhala nako mpaka ndulu inaleka yokha, ndipo dotolo anawauza kuti chiwindi chotsalacho chikukulanso. Maunguwo anatumiza ndi mayi Nabanda.

Mpaka lero ndikadali pantchitoyi. Wodwala akabwera ndi thumba, ndisanagwire kapu ndimayamba ndakhala pansi ndi womudikirira. Sindimutsutsa za adani ake. Ndimangoti, "Mayi, tiyeze kaye limodzi, ndilembe. Kenako ndikupatsani m'botolo mukakwirire nokha, ine ndikuimirirani kuti wina asaone."