A Bang Ok-ja ndi Chitsime cha Pansi pa Siteshoni

A Bang Ok-ja ndinayamba kuwaona m'chaka cha 1984, tsiku lomwe siteshoni yathu ya sitima za pansi pa nthaka inatsegulidwa kuno ku Seoul. Ine ndinali pawindo logulitsira matikiti, iwo anali chogwada, akupala simenti yomwe omanga anasiya pamatailosi. Akuluakulu atadula riboni n'kupita, mayiwo anadzuka n'kubwera pawindo panga.

"Mwana iwe, ukudziwa pomwe akukhazikapo?"

Ndinati sindikudziwa.

"Pamwamba pa mutu wakopo panali chimbudzi cha apongozi anga. Ukhale bwino."

Kuyambira tsikulo ndinkawaitana kuti achemwali, ndipo tinagwira ntchito limodzi zaka 28.

Anakwatiwira m'dera limeneli ali ndi zaka makumi awiri. Kalelo kunali tinyumba tothithikana, tinjira topanikiza moti osenza makala awiri sankatha kupatukirana, ndi chitsime chimodzi cha onse. Itafika nthawi yokulitsa msewu ndi kukumba njanji, nyumba za m'munsi zonse zinagwetsedwa. Ena anasamukira kumtunda kwa phiri, ena kutsidya kwa mtsinje wa Han. Zaka zinayi msewu wonse unali dzenje lophimbidwa ndi zitsulo, mabasi akudutsa pamwamba. Amuna awo a Ok-ja anali m'gulu la okumba, mpaka msana unawakanika n'kukhala pakhomo. Ndiye chifukwa chake a Ok-ja anafunsira ntchito yokolopa.

Poyamba siteshoni inali yosavuta: makomo anayi, pamwamba pogulira matikiti, pansi pokwerera sitima. Patapita zaka khumi ndi ziwiri anakumbanso njanji yachiwiri kunsi kwa yoyambayo. Makomo anafika khumi ndi limodzi, panabwera khonde lalitali lolumikiza njanji ziwirizo, ndi masitepe oyenda okha. Achikulire anayamba kusochera. Zikwangwani zinalipo zambiri, koma iwo ankangofunafuna a Ok-ja, chifukwa a Ok-ja ankalondolera ndi malo akale.

"Mukupita kuchipatala cha mano? Tulukirani khomo lachisanu ndi chiwiri, kumene kunali chigayo cha tsabola kuja. Mukalowera kumene ankagulitsa makala ndiye kuti mwaphonya."

Pansi penipeni, kumapeto kwa pokwerera njanji yachiwiri, khoma lina linkachucha madzi chaka chonse. Amisiri ankamata, madzi n'kuyambiranso. Pomaliza anangoika paipi yowalowetsa m'kachipinda kosungiramo mamopu, n'kuikapo mpopi. A Ok-ja ankati ndi mtsempha wa chitsime chija, ndipo madzi okolopera ankatunga pomwepo.

Panali munthu mmodzi wa m'dera lakalelo amene a Ok-ja sankamulondolera, ngakhale moni sankamupatsa. Anali a Seol Mal-sun, owaposa ndi zaka khumi ndi zitatu, omwe anasamukira kumtunda kwa phiri. Kale pachitsime a Mal-sun ndiwo ankalamula kuti atunge woyamba ndani, ndipo ndiwonso anapatsa a Ok-ja dzina loti Timiyendo, ati miyendo yawo inali ngati timitengo todyera. Zimenezo zinali zopiririka. Koma tsiku lina a Mal-sun anakauza apongozi a Ok-ja kuti awaona akuseka ndi dalaivala wa basi. Apongoziwo anawabweza kwawo miyezi itatu, mwana wakhanda n'kutsala. Dalaivalayo anali msuweni wawo. A Ok-ja anabwerera pakhomo, koma a Mal-sun sanapepese. A Mal-sun akamadutsa pasiteshoni, a Ok-ja ankatembenukira kukhoma n'kumakolopa pouma kale.

M'mawa wina mu Januwale wa 2008, kunja kukugwa chipale chofewa, a Ok-ja anapeza a Mal-sun ataima pansi pa masitepe a khomo lachitatu. Anali atavala masilipasi a m'nyumba, chidebe chofiira chili m'manja, anthu opita kuntchito akuwawomba mapewa. Ine ndinali pafupi, ndikumata chidziwitso pakhoma. A Ok-ja anafuna kudutsa, koma agogowo anawagwira mkono.

"Timiyendo, chitsime achipititsa kuti?"

A Ok-ja anawayang'ana nthawi yaitali. Anandiuza pambuyo pake kuti pomwepo anazindikira kuti mutu wa agogowo wabwerera kale, ndipo akuwaona ngati mtengwa wa dzana, ndiye kuti mtsikana wongokwatiwa kumene uja.

"Chitsime chilipo," anayankha. "Anangochitsitsa pansi."

"Anachitsitsa ndani, osandifunsa ine?"

"Aboma. Tiyeni, musaterereke."

A Ok-ja anavula jekete yawo ya ntchito n'kuwaveka agogowo. Anawatsitsa pang'onopang'ono masitepe oyamba, kudutsa khonde lalitali lija, n'kutsikanso. Ine ndinatsegula kageti ka m'mbali kuti adutse opanda tikiti, n'kumawatsatira. Atafika m'kachipinda ka mamopu, a Ok-ja anatsegula mpopi. A Mal-sun anatchera dzanja, n'kununkhiza madziwo.

"Ndi omwewo," anatero. Kenako anawakankha a Ok-ja ndi chigongono. "Dikira, nditunge ine kaye. Ulemu sunaphunzirebe?"

Anatunga theka la chidebe, ndipo a Ok-ja ndiwo anachinyamula pokwera. Kuofesi tinawapatsa tiyi wa balere, tinapeza nambala ya foni yosokerera m'kati mwa juzi yawo, n'kuimba. Mwana wa a Mal-sun, Hye-ran, anafika akuthamanga, tsitsi lili lonyowa. Anati aka n'kachitatu amayi ake kusowa mwezi womwewo, ndipo maulendo awiri oyambawo anakawapeza kupolisi akulira. Anagwada pamaso pa a Ok-ja.

"Azakhali, ndikudziwa zomwe amayi anakuchitani. Dera lonse likudziwa."

"Dzuka, pansipo ndangokolopa kumene," anatero a Ok-ja.

M'mawa mwake a Mal-sun anabweranso, nthawi yomweyo, chidebe chomwecho. Tsiku lachitatu mkulu wa siteshoni, bambo Ha, anaitana a Ok-ja. Anali munthu wofatsa koma wokonda malamulo.

"Mayi Bang, m'chipinda chija simuloledwa munthu wakunja. Atagwa, ndidzayankha chiyani?"

"Mukawaletsa sasiya kubwera, bwana. Azidzangoyendayenda kufuna chitsime mpaka adzafike m'mphepete mwa njanji. Apo ndiye mudzayankha chiyani?"

Bambo Ha anakanda kumutu. "Ndamva kuti inu awiri simulankhulana."

"Sitilankhulana. Iwo amalamula, ine ndimanyamula."

Bambo Ha sanavomere, sanakanenso. Koma sabata yomweyo anagula mphasa ya labala yosaterera n'kuiyala yekha m'kachipindamo.

Zinayenda choncho zaka ziwiri. Hye-ran ankawaperekeza amayi ake mpaka pakhomo lachitatu nthawi ikamakwana hafu pasiti naini, gulu la opita kuntchito litachepa, ndipo a Ok-ja ankawalandira. Tonse tinazolowera. M'khonde, wogulitsa gimbap, mpunga wokulunga m'ndere za m'nyanja, ankawapatsa moni kuti, "Mwalawirira kuchitsime, agogo," iwo n'kumuyankha kuti mpunga wake ndi wosapsa. Madziwo Hye-ran ankathirira maluwa a pakhonde pawo.

Ndinawafunsapo a Ok-ja tikudya nkhomaliro ngati anawakhululukira a Mal-sun.

"Ndimukhululukire ndani? Amene anandinenera uja kulibenso. Uyu ndi nkhalamba chabe yofuna madzi." Anatafuna pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Koma pakamwa pokha mpomwe paja."

Tsiku limodzi lokha ndi lomwe linasiyana ndi ena. Ali pakati pa masitepe, a Mal-sun anaima n'kuwayang'anitsitsa a Ok-ja.

"Iwe, wamera imvi liti?"

"Kalekale."

"Mwana uja unamusiya akuyamwa, anakula?"

"Anakula. Ali ndi ana ake awiri."

A Mal-sun anagwedeza mutu. "Ankalira kwambiri," anatero. "Ndinkamumva kuseri kwa khoma. Ndinkamutengera madzi a mpunga apongozi ako akachoka."

A Ok-ja sankazidziwa zimenezi. Anafuna kufunsa zambiri, koma agogowo anali atayamba kale kudandaula kuti chidebe chikudontha. Masana a tsikulo ndinawapeza a Ok-ja atakhala pa chidebe chovundikira m'kachipinda muja, mopu ili pamiyendo. Ndinangokawakolopera mbali yawo ya khonde.

Miyendo ya a Mal-sun itasiya kuyenda, Hye-ran anawapititsa kumalo osamalirako okalamba kunja kwa mzinda, ndipo anamwalira chaka chotsatira. A Ok-ja anapita kumaliro, anawerama kawiri patsogolo pa chithunzi cha malemuwo monga mwa mwambo, anadya msuzi wa ng'ombe, n'kuthandiza kutsuka mbale ngakhale panali olembedwa ntchitoyo.

Anapuma pantchito mu 2012. Tsopano amakhala kwa mwana wawo wamwamuna ku Incheon, ndipo amalima tsabola m'mabokosi padenga la nyumba. Atakwanitsa zaka 65 analandira khadi la okalamba lokwerera sitima ulere. Mwezi watha anabwera kudzandiona, ndipo anafika mochedwa ndi ola lathunthu chifukwa anakwera mabasi awiri.

"Bwanji osakwera sitima, achemwali? Khadi muli nalo."

"Ndimafuna ndizionako kunja," anatero, akumasula kathumba ka tsabola wouma. "Uyu usamuike padzuwa, wauma kale."